Chibowo cha mu Bluetooth: anachitseka bwanji, nanga foni yanu yatetezeka?

Ku Machinjiri, monganso ku Ndirande ndi ku Bangwe, Bluetooth siipuma. Ndiyo imalumikiza foni ndi sipika ya m'shopu, tomvera m'makutu ndi wailesi ya m'minibasi, ndipo ena amatumizirana nayo nyimbo ndi zithunzi pofuna kupulumutsa bandulo. Ambiri akaiyatsa saizimitsanso. Koma mapulogalamu oyendetsa Bluetooth ndi Wi-Fi analembedwa ndi anthu, ndipo akhala akupezeka ndi zolakwika zimene zingalole munthu amene ali pafupi kulowa m'foni ya mnzake osaigwira n'komwe. Cholakwika chimodzi chotere chinalengezedwa mu 2020. Chimakhudza mafoni a Android 8 ndi 9, omwe akupezekabe m'manja mwa anthu komanso pa mabenchi a ogulitsa mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito.

Foni ikamalumikizana ndi sipika popanda waya, m'katimo mumachitika zotani?

M'foni muli kachipangizo kakang'ono kotumiza ndi kulandira mafunde a wailesi. Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imagwiritsa ntchito, ndipo pa foni wamba imafika pafupifupi mamita 10. Nyimbo kapena chithunzi sichiyenda chathunthu. Chimadulidwa m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kalikonse kamakhala ndi mutu wonena komwe kakupita ndi kutalika kwake. Kutalikako amakuyeza m'mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi malo okwana chilembo chimodzi.

Timaphukusi tikafika, timadutsa m'mapulogalamu osanjikizana. Pulogalamu yapansi imalandira kuchokera ku kachipangizo kaja, yotsatira imalumikiza zidutswa kuti zikhalenso uthenga umodzi, ndipo yapamwamba imaona ngati uthengawo ndi nyimbo, mawu a amene mukuyankhula naye, kapena fayilo. Mapulogalamu apansiwa amayamba kuwerenga zimene zabwera inu musanafunsidwe kanthu. Funso lija lakuti mukuvomera kapena mukukana kulumikizana limabwera pambuyo. Ndiye cholakwika chikakhala pansi pamenepo, kuchenjera kwanu sikukupulumutsani, poti palibe chimene mumadina.

Nanga cholakwika cha memory ndiye chiti?

Apa sitikunena memory khadi yosungira nyimbo, koma memory ya m'kati, imene pa bokosi la foni amailemba kuti RAM. Pulogalamu ikafuna kusunga kaphukusi kamene kabwera, imapatula malo a saizi inayake m'menemo. Vuto limabwera pulogalamuyo ikakhulupirira nambala ya kutalika imene wotumiza walemba, kapena ikaphonya masamu ake, n'kulemba zinthu zoposa malo amene inapatula.

Zili ngati wogulitsa madzi pa kiyosiki amene wauzidwa kuti ndowa ndi ya malita 40 pomwe ndi ya 20, iye n'kutsegula mpopi osayang'ana. Madzi osefukirawo amatayikira pa katundu wa amene waima pafupi. Mu memory, chimene chili pafupicho chikhoza kukhala nambala youza foni lamulo loti itsatire kenako. Munthu wodziwa akasankha bwino zimene zisefukire, foni imayamba kumvera iye.

Palinso zolakwika zina za mtundu womwewu: kuwerenga kupyola malire, zomwe zimaulula zinsinsi zimene zinali pambali, ndi kugwiritsa ntchito malo amene pulogalamu inabweza kale. Gwero lake ndi limodzi. Mapulogalamu ambiri a Bluetooth ndi Wi-Fi analembedwa m'zinenero za kompyuta za C ndi C++. Chinenero cha C anachiyambitsa ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. N'chachangu, koma sichiona chokha ngati malire apyoledwa. Ntchito imeneyo chimasiyira wolemba. Mu 2019 kampani ya Microsoft inanena kuti pafupifupi zolakwika 70 mwa 100 zilizonse za chitetezo zimene imakonza chaka ndi chaka zimakhala za memory. Chaka chotsatira, opanga Chrome ku Google anapezanso chiwerengero chofanana ndi chimenechi pa zolakwika zawo zikuluzikulu.

Chinalengezedwa n'chiyani mu 2020?

Katswiri wa ku Germany, Jan Ruge, anapeza cholakwika mu pulogalamu ya Bluetooth ya Android, ndipo kampani ya ERNW ya mumzinda wa Heidelberg inadziwitsa Google mu Novembala 2019. Anachitcha BlueFrag, ndipo m'kaundula wa zolakwika zotere nambala yake ndi CVE-2020-0022. Google inatulutsa chokonzera chake mu Febuluwale 2020, ndipo nkhaniyi inalengezedwa poyera mwezi womwewo.

Pa Android 8.0, 8.1 ndi 9, munthu amene ali pafupi ankatha kuyendetsa malamulo ake m'foni ya wina mwakachetechete, bola Bluetooth ikhale yoyaka ndipo iye adziwe nambala yapadera ya Bluetooth ya foniyo. Pa mafoni ena nambalayi inkatheka kuipeza poona nambala ya Wi-Fi ya foni yomweyo. Pa Android 10 cholakwikacho chinalipo, koma chinkangogwetsa Bluetooth osapereka mpata wolowera. Mafoni ambiri a Tecno ndi itel amene anatuluka mu 2018 ndi 2019 anabwera ndi Android 8.1 kapena 9, n'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza kuno.

Ndiye anakonza bwanji?

Cholakwikacho chinali pamalo pamene zidutswa zimalumikizidwa. Uthenga ukakhala wautali, chidutswa choyamba chimanena kutalika kwa uthenga wonse, ndipo pulogalamu imapatula malo okwana ndendende. Chidutswa chilichonse chotsatira chimabwera ndi mutu wa mabayiti 4, umene pulogalamu imaudumpha isanakopere zotsalazo.

Olemba pulogalamuyi anaganizirapo zoti chidutswa chomaliza chikhoza kubwera chachitali kuposa malo otsala, ndipo anaika lamulo loti chidulidwe. Apa m'pamene panaterera. Tiyerekeze kuti malo otsala ndi mabayiti 2, ndipo wachiwembu watumiza dala chidutswa chachitali. Pulogalamu inkadula kutalika kwake kufika pa 2. Kenako, pokopera, inkachotsanso 4 wa mutu uja. Mukachotsa 4 pa 2 mumatsala ndi nambala yochepera ziro. Koma lamulo lokopera m'chinenero cha C silidziwa nambala zochepera ziro. Limaiona ngati nambala yaikulu kwadzaoneni. Pamenepo kukopera kunkapyola malire, ndipo akatswiri amene anapeza cholakwikachi anaonetsa kuti n'kotheka kugwiritsa ntchito zimenezi kusuzumira mu memory ndi kulembamo.

Kukonza kwenikweniko kunali kusintha mzere umodzi: podula chidutswacho, pulogalamu iziwonjezera 4 wa mutuyo, kuti akadzachotsedwa patsale 2 weniweni. Ntchito yotsala imakhala kuonetsetsa kuti kusinthako sikunawononge china, ndi kufufuza ngati pali malo ena olakwika mofananamo. Pofufuza, akatswiri amagwiritsa ntchito makina othira timaphukusi tosokonezeka mamiliyoni ambiri mu pulogalamu, n'kumaona pamene igwere. Njirayi amaitcha fuzzing, ndipo ndiyo imavumbula zolakwika zambiri za mtunduwu.

Munthu akalowa kudzera pamenepo angatengemo chiyani?

Amapeza mphamvu zimene pulogalamu ya Bluetooth ili nazo, ndipo si zochepa. Kuti foni igwire ntchito ndi wailesi ya m'galimoto, Bluetooth imaloledwa kuona mayina ndi manambala a anthu, mndandanda wa amene mwaimbirana nawo, ndi mauthenga a SMS. Kuno kwathu mauthenga amenewa ndiwo amanyamula mbiri ya ndalama za Airtel Money ndi TNM Mpamba, komanso manambala achinsinsi a kanthawi amene mabanki ndi WhatsApp amatumiza. Kwa ejenti amene foni yake ndiyo bizinesi yake, kapena mayi wosunga kaundula wa banki m'khonde, izi si zamasewera.

Komabe tisachite mantha mopyola muyeso. Kuba kotere kumafuna luso, zipangizo, ndi kukhala pafupi ndi foniyo. Kuba kumene anthu ambiri amakumana nako ndi kwa atsizinamtole oimba foni: amene amati anatumiza ndalama molakwika, kapena amene amadzitcha transipota amene wakodwa pa boda ndi katundu wochokera ku Joni. Kusiyana kwake n'kwakuti wonamayo mukhoza kumudulira foni, pomwe wolowera pa Bluetooth simumumva n'komwe.

Kodi vutoli ndi la Bluetooth ya Android yokha?

Ayi. Mu Seputembala 2017, kampani ya Armis inalengeza zolakwika 8 za Bluetooth zimene inazitcha BlueBorne. Zinakhudza Android, Linux, Windows, ndi ma iPhone amene anali asanafike pa iOS 10. Armis inayerekeza kuti zipangizo zoposa mabiliyoni 5 zinali pa chiopsezo. Zina mwa zolakwikazo zinali za kusefukira kwa memory, ndipo zinkagwira ntchito ngakhale foni itabisidwa kuti isaoneke kwa ena.

Wi-Fi nayonso siinapulumuke. Mu Julayi 2017, Nitay Artenstein anaonetsa ku msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas cholakwika chotchedwa Broadpwn, chimene chinali m'tizipangizo ta Wi-Fi ta kampani ya Broadcom, topezeka m'ma iPhone ndi m'mafoni ambiri a Samsung. Apple inachikonza mu iOS 10.3.3, ndipo Google inachikonza mu update ya mwezi womwewo. Mu Okutobala 2022, Sönke Huster wa ku yunivesite ya TU Darmstadt anapeza zolakwika zina mu pulogalamu ya Wi-Fi ya Linux, pamalo owerengera mauthenga amene rauta imaulutsa podzilengeza. Chipangizo sichinkafunika kulowa pa netiweki ya wachiwembu; kungofunafuna manetiweki kunali kokwanira. Johannes Berg wa ku Intel ndiye analemba zokonzera zake.

Ngati zinakonzedwa kalekale, tikudandauliranji lero?

Chifukwa chokonzeracho chimayenda ulendo wautali chisanafike m'thumba mwanu, ndipo nthawi zambiri chimathera m'njira. Kuyambira mu 2015, Google imatulutsa mndandanda wa zokonzera za Android mwezi ndi mwezi. Zina zimayenera kudutsa kwa opanga tizipangizo ta m'kati, monga MediaTek, Qualcomm ndi Unisoc. Kenako wopanga foni, kaya ndi Samsung kaya ndi Transsion ya ku China, mwini wa Tecno, itel ndi Infinix, amayenera kuziika mu pulogalamu ya mtundu uliwonse wa foni yake, kuyesa, n'kutumiza. Ntchitoyi imadya ndalama, ndipo foni yotsika mtengo ikatha zaka zochepa pa msika, opanga ambiri amaileka n'kuyang'ana zatsopano.

Chokonzeracho chikafika, patsala chipata chomaliza, chomwe ndi mwini foni. Uthenga wa update ukatulukira, ambiri timaukankhira kumbali: bandulo yatsala pang'ono, foni yadzaza, magetsi azima ndipo batire ili pa 20, kapena tinamva kuti update imapangitsa foni kuchedwa. Zifukwa zonsezi n'zomveka, koma chibowo chimakhalabe chotsegula. Patatha chaka chimodzi BlueBorne italengezedwa, Armis inanena kuti zipangizo zoposa mabiliyoni 2 zinali zisanatetezedwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mzere umene unakonzedwa ku Google sukuthandizani mpaka utalowa m'foni yanu.

Palinso china. Cholakwika chikalengezedwa ndi kukonzedwa poyera, aliyense akhoza kuyerekeza pulogalamu yakale ndi yatsopano n'kuona pamene panali chibowo. Choncho foni yosalandira update imakhala pa chiopsezo chachikulu pambuyo pa kulengezako kusiyana ndi kale.

Ndingadziwe bwanji ngati foni yanga ndi yotetezeka?

Lowani mu Settings, pitani pa About phone, pomwe pa mafoni ena amalemba My phone, kenako dinani pa Android version. Mupeza mzere wolembedwa Android security update kapena Android security patch level, ndipo pansi pake pali deti. Detilo ndilo likunena mwezi womaliza umene foni yanu inalandira zokonzera.

Likakhala la m'mbuyo mwa Seputembala 2017, foniyo ikhoza kukhala ndi zibowo za BlueBorne. Likakhala la m'mbuyo mwa Febuluwale 2020 ndipo foni ili pa Android 8 kapena 9, BlueFrag ikadalimo. Deti la pambuyo pa pamenepo likutanthauza kuti zibowo ziwirizi zinatsekedwa, koma zatsopano zimapezeka chaka chilichonse, ndiye deti likamayandikira lero ndi pamene foni ili bwino. Mukatero fufuzani System update kapena Software update, muone ngati pali zimene zikudikira. Chajani foni kaye, pezani Wi-Fi yodalirika kapena bandulo yokwanira, ndipo musaizimitse ili m'kati mwa ntchito.

Ndikaipititsa kwa okonza mafoni kuti aifulashe, kapena ndikaifufuta zonse, sizitha?

Kufufuta zonse kumachotsa zithunzi, mauthenga ndi ma app anu, koma pulogalamu ya Bluetooth imatsala momwe inalili, pamodzi ndi cholakwika chake. Kufulasha kumathandiza pokhapokha ngati wokonzayo waikamo pulogalamu yatsopano kuposa imene inalimo, yochokera kwa opanga foniyo. Akabwezeramo yomwe ija, palibe chasintha. Akaikamo yotola pa intaneti yosadziwika gwero lake, mukhoza kubwera ndi mavuto oposa amene munapita nawo. Anyamata okonza mafoni ku Luwanda ndi ku Limbe ambiri ndi aluso, ndipo sikulakwa kuwafunsa kumene atenga pulogalamuyo ndi kuona limodzi deti lija foni isanachoke pa benchi.

Ma app otchedwa antivirus nawonso sangatseke chibowo chimenechi. Iwo amakhala pamwamba, ngati ma app ena onse, ndipo saloledwa kusintha mapulogalamu apansi amene amalandira timaphukusi.

Nanga ngati foni yanga siikulandiranso update, ndipo ndalama yogulira ina ndilibe?

Musataye foniyo, koma muchepetse mpata. Muziyatsa Bluetooth pamene mukuifuna, n'kuizimitsa mukamaliza, makamaka pamalo odzaza anthu monga mumsika, m'minibasi, pa depoti ndi pa mzere wa ku banki. Bluetooth yozimiratu siilandira kaphukusi kalikonse, choncho cholakwikacho chimasowa polowera. Chitaninso chimodzimodzi ndi Wi-Fi mukachoka pakhomo. Mu Settings, pansi pa Location, muli Wi-Fi scanning ndi Bluetooth scanning. Zimitsani zonse ziwiri, chifukwa zimalola foni kufunafuna zipangizo ngakhale inu mutazimitsa.

Pomvera nyimbo pagulu, tomvera m'makutu ta waya tilibe vuto limeneli. Ngati pakhomo pali mafoni awiri, ndalama ndi za ku banki zikhale pa imene ili ndi deti latsopano. PIN ya ndalama isalembedwe m'mauthenga kapena m'mayina a m'foni. Musaiwalenso MiFi ndi rauta: nazonso zili ndi pulogalamu m'kati imene imafuna update, ndipo mawu achinsinsi amene zinabwera nawo ayenera kusinthidwa.

Kodi zolakwika zotere zidzatha?

Kutheratu ayi, koma zikuchepa kumene anthu asintha kalembedwe. Chinenero cha Rust, chimene chinakula mothandizidwa ndi Mozilla ndipo chinakhazikika mu 2015, chimaona malire chokha ndipo chimakana pulogalamu yofuna kugwiritsa ntchito malo obwezedwa kale. Google inalengeza mu 2021 kuti yayamba kulemba mbali zina za Android mu Rust, ndipo Linux inatsegula khomo la chinenerochi kumapeto kwa 2022. Malinga ndi Google, zolakwika za memory zinali 76 mwa 100 zilizonse za chitetezo cha Android mu 2019, koma pofika 2024 zinatsika kufika pa 24.

Kuyambira pa Android 10, Google inayambanso kutumiza zokonzera za mbali zina za foni kudzera mu Google Play, osadikira wopanga foni. Izi zafupikitsa ulendo uja, koma sizifika pa Android 8 ndi 9, ndiponso sizikhudza pulogalamu imene ili m'kati mwa kachipangizo ka wailesi.

Ndani ali ndi udindo kuno kwathu?

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'chipangizo cha munthu popanda chilolezo, ndipo linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA kuti liziyang'anira za chitetezo cha pa intaneti. MACRA ilinso ndi udindo wovomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana zimene zimagwiritsidwa ntchito m'dziko muno. Apa pali mpata wochitapo kanthu. Maiko a European Union anayamba mu Juni 2025 kulamula kuti mafoni atsopano azilandira update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene asiya kugulitsidwa. Google ndi Samsung analonjeza zaka 7 pa Pixel 8 ndi Galaxy S24, koma amenewa ndi mafoni odula, osafikirika kwa ambiri a ife.

Si chilungamo kuti wosauka ndiye azinyamula foni yobooka chifukwa choti anagula yotsika mtengo. MACRA ikhoza kufunsa aliyense woitanitsa mafoni kuti alembe poyera zaka zimene foniyo idzalandire zokonzera. Makampani a netiweki akhoza kulola kuti update ya chitetezo isamadye bandulo. Machenjezo a Malawi CERT afike m'Chichewa, pa wailesi ndi pa SMS, kuti amve ndi amene sawerenga Chingerezi.

Inunso muli ndi gawo lanu. Pogula foni, kaya yatsopano kaya yogwiritsidwapo kale ntchito, musangofunsa za kamera ndi batire; tsegulani Settings pamaso pa wogulitsayo muone deti la update. Ndipo imene muli nayo kale ionani lero lomwe. Ngati deti lake ndi lakale ndipo palibe update imene ikubwera, zimitsani Bluetooth nthawi zonse pamene simukuigwiritsa ntchito, ndipo muuzenso a pakhomo panu achite chimodzimodzi.